Kansanza Kamene Ndinazula m'Bwato

Ndiyambe ndi kuyamika Mulungu amene wandisunga mpaka imvi zadzaza mutu, ndipo sanandibwezere monga mwa zochita zanga. Ndimuyamika chifukwa cha amuna asanu ndi mmodzi amene anatuluka amoyo m'madzi a nyanja yaing'ono ya Chia tsiku lina pambuyo pa Khirisimasi, pamene ine ndinali nditawakankhira ku imfa ndi pemphero pakamwa. Ndimuyamikanso chifukwa cha manyazi. Akanapanda kundipatsa manyazi, bwenzi lero ndikufotokoza nkhaniyi ngati umboni wa chikhulupiriro changa.

Ine si wa nkhafi. Ndinabadwira kumtunda, ndinakula ndi khasu, ndipo kuno ku Mwadzama ndinabwera ngati mkamwini. Zaka zonsezi ndalima mpunga ndi chinangwa m'mbali mwa Chia, koma mpaka lero ndikakwera bwato ndimagwira m'mphepete ndi manja onse awiri. Kutchalitchi sindine mbusa. Ndimawerenga Mawu abusa akapita ku mpingo wina, ndimayendera odwala, ndipo pakakhala chochitika wina n'kunena kuti tiyambe ndi pemphero, maso onse amatembenukira kwa ine. Maso amenewo ndinawazolowera, ndipo ndinayamba kuwakonda osadziwa.

Kwathu tsiku lotsatira Khirisimasi ndi la mpikisano wa mabwato. Doko lililonse loyandikana nafe limatulutsa bwato lake lalitali, la opalasa asanu ndi mmodzi. Amazika nsungwi kutsidya, pafupi ndi bango, ndipo bwato liyenera kukaizungulira n'kubwerera padoko lathu. Opambana amatenga mbuzi. Nthawi imeneyo madzi a Chia amakhala ofiirira ndi mvula yoyamba, ali phee, opanda mafunde a nyanja yaikulu. Amayi amabwera ndi zitenje zatsopano zosachapa n'komwe, ogulitsa zitumbuwa amakhala pansi pa mitengo, ng'oma zimalira kuyambira m'mawa. Asilamu ndi Akhristu timaima pamchenga umodzi, kunyozana mpaka mawu kusasa.

Doko la kumzikiti linali litatipambana zaka zitatu zotsatizana. Munthu akagonja katatu amayamba kufunafuna chifukwa china, kusiya mapewa ake. Kwathu anayamba kunong'ona kuti anzathuwo ali ndi kanthu kamene amamangira mabwato a eni. Ine pakamwa ndinkadzudzula manong'onong'owo. Koma sindinawataye. Ndinawasunga penapake mumtima, monga mmene munthu amasungira mbewu kudenga.

Woyandikana naye nyumba wanga anali bambo wachikulire wachisilamu, mmisiri wosema ndi kukonza mabwato. Tonse tinkangowatchula kuti Afundi. Mabwato ambiri a m'madoko athu anadutsa m'manja mwawo, ndipo ntchito yawo inkayenda chifukwa cha chinthu chimodzi: msodzi akawasiyira bwato ankapita kwawo mtima uli m'malo. Pa Idi ankatitumizira nyama. Pa Khirisimasi tinkawaitana kudzachinja mbuzi yathu kuti nawonso ndi ana awo adye. Chaka chimenecho anabweranso, mpeni wawo ataukulunga m'kansalu.

"Ashehe a ku tchalitchi," anatero akusamba m'manja, pakuti ndi mmene ankandinyodolera, "mawa mupemphere motalikitsa. Opalasa anu aja mapewa awo ngati a nkhuku yonyowa."

"Afundi, mbuzi ya mawa ikugona kwathu."

"Ikagona kwanu mundiitane, ndidzachinjenso. Koma mpeniwu ndikausunga, sindiunola."

Tinaseka, ndipo anapita ndi mwendo wa mbuzi.

Bwato la doko lathu linali la amalume a mkazi wanga. Iwo tsiku la mpikisano kunalibe, anali atapita ku maliro ku Ngala. Wowongolera kumbuyo anali mlamu wanga, mchimwene wa mkazi wanga, bambo wa ana atatu. Dzuwa litakwera pang'ono, mabwato asanu anali atandandalika pamchenga, ndipo mlamu wangayo anandiitana kuti ndidzapempherere lathu.

Ndinagwada kumutu kwa bwato, ndinalowetsa dzanja m'kati kuti ndiligwire popemphera. Zala zanga zinakhudza kanthu kofewa, kotupa pang'ono, kosiyana ndi mtengo. Ndinasiya kupemphera. Ndinasuzumira, ndipo ndinaona kansanza kakuda kopindidwa, katakanikizidwa m'thupi la bwato ndi kumatidwa phula. Ndinatulutsa mpeni wanga wa m'thumba n'kukazula. Nditakatambasula, m'kati mmene phula silinafike munali moyera, ndipo munali zilembo zobiriwira zokhotakhota, zija zoyambira kumanja kupita kumanzere.

Sindidziwa kuwerenga Chiarabu. Koma pa nthawi imeneyo ndinaona ngati ndawerenga zonse.

Ndinaimirira n'kukakweza m'mwamba. "Taonani! Taonani chimene chakhala chikutimanga!"

Ng'oma zinasiya. Anthu anathamangira kwa ine. Mayi wina wa kwathu anafuula kuti dzana anaona Afundi atawerama pabwato lomweli, ali ndi kachitini m'manja. Mawu amenewo anayenda pamchenga wonse ngati moto wa m'dambo. Chithumwa. Afundi aika chithumwa m'bwato la Akhristu.

Afundi anabwera pang'onopang'ono, kapu yoyera kumutu, anthu akuwapatukira. Anayang'ana kansanzako, anayang'ana ine.

"Achimwene, bwezeranipo."

"Mwavomera kuti n'kanu?"

"N'kanga, inde. Pali mng'alu pamenepo. Amalume anu anabwera kudzandiuza. Mundinyoze madzulo, ndili pakhomo, sindithawa. Koma bwezeranipo bwatoli lisanalowe m'madzi."

Ine ndinangomva mawu awiri okha, akuti n'kanga inde. Ena onse anadutsa. Mlamu wanga anagwada n'kupisa chala pamene ndinazulapo, ndipo ananena chapansipansi, "Alamu, mng'alu ulipodi. Mwina n'chotsekera chabe."

"Chotsekera chimalembedwa? Unaonapo chigamba chokhala ndi mapemphero?"

"Ayi, koma..."

"Ndiye usankhe lero. Upalasa ndi dzina la Ambuye kapena ndi kansanza aka?"

Ndinamufunsa zimenezi pamaso pa mkazi wake, pamaso pa amayi a kwaya ndi anthu a madoko asanu. Akanayankha chiyani? Anayang'ananso mng'aluwo, nati uli m'mwamba, madzi safikapo, akhala chakumbuyo onse kuti mutu wa bwato ukwere. Wina anati tipezeko kansalu kena titsekepo. Ine ndinakana. Ndikukumbukira mawu anga enieni, ndipo ndikawakumbukira nkhope imatentha: ndinati bwato ili lipita ndi pemphero lokha, kuti onse aone. Amayi anaimba nthungululu. Kansanza ndinakaika m'thumba la jekete kuti ndikakaotche pakhomo pa tchalitchi.

Afundi anatembenuka, anapita kumene kunali kabwato kawo kakang'ono, nakakankhira m'madzi. Munthu wina anakuwa, "Akukalondola mankhwala awo!" Anthu anaseka. Inenso ndinaseka.

Wenzulo inalira. Amene sanaonepo mabwato asanu akunyamuka pamodzi sangadziwe mmene mtima umadumphira. Nkhafi makumi atatu zimalowa m'madzi nthawi imodzi, misana imawerama ndi kuweramuka ngati anthu olima mzere umodzi, wowongolera akuwerengera ndi mawu a pakhosi. Kumtunda aliyense amapalasa ndi manja ake mumphepo. Mayi wogulitsa zitumbuwa anasiya beseni lake, nalowa m'madzi mpaka m'mawondo akutukwana mwamuna wake kuti akupalasa ngati akutakasa phala. A kumzikiti ankaimba nyimbo yawo yotinyoza, ife tikuwabwezera. Ndipo bwato lathu linatsogola. Mkwiyo unawapatsa mphamvu amuna aja, anasiya onse kumbuyo ndi mtunda wa mabwato awiri. Ine ndinali nditakweza manja, ndikufuula aleluya, ndikuyang'ana uku ndi uku kuti ndione ngati anthu akundiona.

Pozungulira nsungwi, opalasa amatsamira kutsogolo ndipo mutu wa bwato umamira pang'ono. Msodzi aliyense amadziwa zimenezi. Ine sindinkadziwa. Tili kumtunda tinangoona lathu likuchedwa kutembenuka, kenaka la kumzikiti likulidutsa, kenaka lina. Mmodzi wa amuna athu anasiya nkhafi n'kuyamba kukapa madzi ndi manja. Wachiwiri anachitanso chimodzimodzi. Kenaka bwato silinaonekenso, panangotsala mitu isanu ndi umodzi pamadzi, pafupi ndi bango pamene aliyense amadziwa kuti pamakhala ng'ona.

Mkazi wa mlamu wanga anakuwa mawu amene sindinawamvepo kwa munthu. Mkazi wanga anandigwira mkono mpaka zikhadabo zinalowa. Ine ndinayesa kupemphera, koma ndinalephera.

Mabwato ena anali atatembenuka kale, opalasa atapereka misana, ndipo phokoso la kumtunda ankaliyesa lowachemerera. Amene anali pafupi ndi Afundi okha, chifukwa anali atatsatira kuyambira pachiyambi. Tinawaona akumenya madzi ndi nkhafi kuti aopseze chilichonse chimene chinali m'bangomo. Anakweza awiri amene anali atamwa madzi, enawo anagwira m'mphepete mwa kabwato kawo ndi mwa lathu lodzaza madzi lija, mpaka asodzi ena anafika. Onse asanu ndi mmodzi anatuluka. Mbuzi inapita kumzikiti, koma palibe amene anaiimbira.

Munthu angaganize kuti nkhani inathera pamenepo, kuti anthu anaona okha amene ananena zoona. Sizinatero. Pofika madzulo, kwathu ankati, "Anadziwa bwanji kuti limira? Anatsatira chifukwa chiyani? Chithumwa chitazulidwa chinakwiya, ndipo mwini wake anapita kukachitonthoza." Chifundo chawo chomwecho chinasanduka umboni wowatsutsa.

M'mawa mwake amalume a mkazi wanga anabwera kuchokera ku Ngala. Anandipeza kumunda, ndipo sanakhale n'komwe pansi.

"Akamwini, bwato lija ndinawapempha ndine Afundi kuti alitseke. Anakana ngakhale nsomba imene ndinawapatsa, akuti tipikisane bwino. Inu mwachita chiyani?"

Ndinayamba kufotokoza za zilembo. Anandidula.

"Ine ndauza kale anthu padoko. Akuti ndakalamba, akuti Afundi anandipusitsa. Sandimvera ine chifukwa sanamve kwa ine. Mawu anatuluka m'kamwa mwanu, akabwerere momwemo."

Kuyambira tsiku limenelo ndinadziwa. Apa ndi pamene pali manyazi anga aakulu, oposa a pamchenga paja. Pamchenga ndinachimwa mosadziwa. Koma masabata asanu otsatira ndinakhala chete ndikudziwa.

Lamulungu loyamba, mkulu wina wa mpingo anaimirira nayamika Mulungu chifukwa chotipatsa munthu wa maso auzimu. Anthu anati ameni. Ine ndinaweramitsa mutu, ndipo iwo anayesa kudzichepetsa. Amayi anayamba kubwera ndi ana odwala kuti ndiwaike manja. Bambo wina anandiitana kuti ndikafufuze m'nyumba mwake ngati mwakwiriridwa kanthu, ndipo ndinapita. Kansanza kaja sindinakaotche. Wina akandifunsa ndinkati ndikudikira abusa. Ndinakabisa m'kachitini pamwamba pa khoma.

Nthawi yonseyi ndinkamva ndi makutu anga zimene zinkachitika kuseri kwa mpanda. Kale m'mawa uliwonse ndinkadzuka ndi kulira kwa kasemasema wa Afundi pansi pa mtengo wa mango. Kulirako kunayamba kuchepa. Asodzi achikhristu anasiya kubweretsa mabwato awo, ndipo Asilamu ena anachita mantha kuti akaoneka pamenepo anenedwa nawo. Banja lina limene linali litawabweretsera chipika chachikulu kuti asemere bwato latsopano linabwera ndi ngolo n'kuchitenga, ntchito itayambika kale. Akazi a Afundi akafika pamjigo, amayi ankachotsa ndowa zawo pamzere. Ine ndinkadutsa njira ya kuseri popita kumunda kuti ndisakumane nawo.

Ndinkawerengabe Mawu m'mawa uliwonse, koma tsamba lililonse linkandiloza chala. Ndikatsegula apa, lamulo loletsa kunamizira mnzako. Ndikathawira apo, za munthu wobwera ndi mphatso kuguwa pamene mbale wake ali naye chifukwa. Ndinafika pomasankha masalimo oyamika okhaokha, ngati mwana wosankha ndiwo.

Mkazi wanga sanandikalipire. Tsiku lina ndikukonzeka kupita kukapempherera wodwala, anatsitsa kachitini kaja, nakaika pamwamba pa Baibulo langa.

"Bambo, odwala ali pafupi. Yambirani kuseri kwa mpandaku."

Ndinawapeza Afundi atakhala pachitsa, akunola kasemasema amene analibe chosema. Ndinapereka moni, anayankha. Sanandinyodole ndi dzina lija, anangoti achimwene, ndipo zinandipweteka kuposa kutukwanidwa. Ndinakhala pansi padothi, ndinatulutsa kansanza, ndinati ndabwera kudzapepesa.

Anakatenga, anakatembenuza. Kenaka anaitana akazi awo kuti abweretse thumba lina. Linali kathumba ka nsalu koyera, kong'ambidwa mbali imodzi. Anayala kansanza kanga pamalo ong'ambikawo, ndipo kanakwana ndendende.

"Munabwera tende umu, zipatso zija timamasulira swaumu pa mwezi wa Ramadani. Nsalu yake ndi yolimba, imagwira phula bwino. Inu munapita kusukulu, tawerengani m'munsimu, alembanso m'Chingerezi."

Ndinawerenga. Panalembedwa kuti katunduyu asungidwe pamalo ouma.

"Ndiye pemphero lake limenelo," anatero. "Ngati pali amene ndinamulakwira, ndi thumbali, chifukwa ndinaliika m'madzi."

Akazi awo anaseka pang'ono n'kulowa m'nyumba. Ine ndinalephera kuseka. Ndinati andikhululukire, ndipo misozi inatuluka, ine bambo wamkulu.

Anayesa kuthwa kwa kasemasema ndi chala.

"Ine ndakukhululukirani, Mulungu ndi mboni. Koma achimwene, munandinyoza padoko, ndipo mukupepesa pansi pa mango. Mango amva. Doko silinamve."

M'mawa mwake ndinapita padoko nthawi imene asodzi amabwera ndi nsomba, pamene pamakhala anthu ambiri, ogula ndi ogulitsa. Afundi anandibwereka thumba lija. Ndinakwera pabwato lovundikira, malo omwewo amene ndinakwezera kansanza, ndipo ndinati, "Abale, ndimvereni. Ine ndinanama." Ndinafotokoza zonse: mng'alu, amalume, thumba la tende, mawu olembedwawo. Ndinanenanso kuti ndakhala ndikudziwa masabata asanu, ndikulandira ulemu wakuba pamene mnzanga ntchito ikumuthera. Ndinati amene anamiza bwato ndine, ndipo amene anapulumutsa amuna athu ndi Afundi.

Thumba linayenda m'manja. Msodzi wina anawerenga mokweza, ndipo doko lonse linaphulika ndi phwete. "A Pouma!" wina anakuwa. "A Pouma atipempherere!" Dzina limenelo landikakamira mpaka lero, ndipo sindilikana. Mlamu wanga sanaseke. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenaka ananyamula bwato lake laling'ono ndi mnzake, napita nalo kwa Afundi tsiku lomwelo, ngakhale ndikukhulupirira kuti linalibe vuto lililonse.

Lamulungu ndinabwereza mawu omwewo m'tchalitchi, ndipo ndinapempha kuti ndisawerenge Mawu kutsogolo mpaka nyengo yokolola itadutsa. Anandilola. Mkulu uja anandiyamikira poyamba paja sanandilankhule miyezi iwiri, chifukwa manyazi anga anamugweranso iye.

Ntchito ya Afundi inabwerera, koma osati yonse. Chipika chija chinasemedwa ndi mmisiri wina wa kutali. Ndipo pamene ndinkatsika pabwato paja nditamaliza kulankhula, ndinamva mayi uja amene anati anaona Afundi ndi kachitini akuuza mnzake, "Zoona, thumba ndi la tende. Koma nanga anadziwa bwanji kuti limira?" Ndinatembenuka ndi kumuyankha kuti anadziwa chifukwa ndi fundi, ndipo anatiuza tonse poyera. Anagwedeza mutu ngati wavomera. Patapita chaka ndinamvanso funso lomwelo m'kamwa mwa munthu wina, wa doko lina, amene pa tsiku la mpikisano kunalibe n'komwe. Ndinamufotokozera kuyambira pachiyambi. Mpaka lero ndikalimva ndimaima, kaya ndi pamsika kaya ndi pamaliro, ndi kufotokozanso. Afundi tsopano maso achita mdima ndipo sasemanso, koma ali ndi ana ndi adzukulu amene amatchedwa ndi dzina lawo, ndipo funsolo likadali kuyenda.

Inu amene mwawerenga izi, Ambuye akusungeni pamadzi ndi pamtunda. Akupatseni changu cha pa zinthu zake, koma aike mlonda pakamwa panu kuti changucho chisavulaze wosalakwa. Akutsegulireni makutu pamene mnzanu akukuchenjezani, ngakhale akhale wopembedza kwina. Ndipo mukadzalakwira munthu pagulu, akupatseni mphamvu yobwerera pagulu pomwepo msanga, dzuwa la tsiku limenelo lisanalowe. Mtendere wa Mulungu ukhale pa nyumba zanu ndi pa nyumba za anansi anu. Ameni.